Tsiku limodzi pachilumba cha Capri popanda kuboola m'thumba

Capri ndi kachilumba ka ku Italy komwe kali m'nyanja moyang'anizana ndi mzinda wa Naples. Ndi kakang'ono, pafupifupi masikweya kilomita 10 basi, koma mbiri yake yafika kutali chifukwa cha anthu olemera amene amakapumulako. Mahotela ake ndi odula koopsa, masitolo a mumsewu wa Via Camerelle amagulitsa zikwama ndi nsapato zomwe mtengo wake ungakwanire ulendo wanu wonse, ndipo ambiri akamva zimenezi amangoti kumeneko si kwathu. Ine ndikukana. Zimene zimadya ndalama pa Capri ndi zitatu: bedi, mpando wa mu lesitilanti ndi changu. Munthu amene sakagonako, amene wanyamula chakudya chake, komanso amene ali wokonzeka kuyenda pansi, amaona nyanja yomweyo ndi matanthwe omwewo amene mwini boti lamtengo wapatali akuona. Malangizo awa ndi a munthu woteroyo, amene wagona ku Naples kapena ku Sorrento, tauni ya m'mbali mwa nyanja kufupi ndi Naples, ndipo akufuna kupita m'mawa n'kubwerako madzulo.

Choyamba: sankhani bwino tsiku

Julayi ndi Ogasiti ndi miyezi yovuta. Dzuwa limaswa mtengo, tinjira ta pachilumbachi n'topapatiza, ndipo anthu amakhala pikitipikiti kuyambira padoko mpaka pamwamba. Ngati muli ndi ufulu wosankha, pitani kumapeto kwa Epulo, m'Meyi, kumapeto kwa Seputembala kapena kuchiyambi kwa Okutobala. M'nyengo yozizira mahotela ndi malesitilanti ambiri amatseka ndipo maboti amachepa. Pakati pa sabata ndi bwino kuposa Loweruka ndi Lamlungu.

Dzulo lake onani za nyengo, makamaka za mphepo. Nyanja ikakalipa, maboti othamanga ndiwo amayamba kuimitsidwa, ndipo phanga lotchuka la m'nyanja lotchedwa Grotta Azzurra amalitseka. Ngati muli ku Naples kwa masiku angapo, musaike Capri pa tsiku lomaliza, kuti mukhale ndi posunthira.

Chachiwiri: boti

Apa ndi pamene ndalama zambiri za tsikuli zidzapite, choncho m'pofunika kudekha. Ku Naples kuli malo awiri okwerera. Pa Molo Beverello pamanyamuka maboti othamanga, omwe amatenga mphindi pafupifupi 50 ndipo tikiti ya ulendo umodzi imaposa ma euro 20. Pa Calata Porta di Massa, chakum'mawa pang'ono m'mbali mwa doko lomwelo, pamanyamuka sitima zikuluzikulu za kampani ya Caremar, zomwe zimanyamulanso magalimoto. Yoyenda pang'onopang'ono imatenga pafupifupi ola ndi mphindi 20, ndipo ndiyo yotsika mtengo. Alendo ambiri saidziwa chifukwa aliyense amangowalozera ku Beverello.

Sitima yaikuluyi ndimaikonda pa zifukwa zinanso osati mtengo wokha. Siigwedezeka kwambiri, choncho amene amachita nseru pamadzi amapezako bwino. Mungathenso kuima panja n'kumaona phiri la Vesuvius likutsalira m'mbuyo, pamene m'boti lothamanga nthawi zambiri mumakhala m'kati, mawindo atachita mchere. Vuto lake ndi lakuti maulendo ake pa tsiku ndi ochepa, ndiye ndandanda yake muione pa intaneti usiku wake ndipo mulembe nthawi papepala.

Amene wagona ku Sorrento ali pafupi: boti limatenga mphindi 20 mpaka 30. Koma musachoke ku Naples pa sitima ya pamtunda ya Circumvesuviana kupita ku Sorrento n'cholinga chokakwerera boti kumeneko. Mudzataya ola lathunthu ndi kuposerapo, ndipo simudzapulumutsa ndalama yooneka.

Kwerani boti la m'mamawa, lonyamuka cha m'ma 7 kapena 8 koloko. Magulu a alendo oyenda ndi owatsogolera amayamba kufika cha m'ma 10, ndipo maola awiri amene mwawatsogolera ndi amtengo wapatali kuposa china chilichonse chimene mungagule tsikulo. M'nyengo ya alendo gulirani limodzi tikiti yobwerera. Dziwaninso kuti m'tikiti ya mlendo amaphatikizamo msonkho wotsikira pachilumbachi, womwe mu 2024 anaukweza kufika ma euro 5 m'miyezi ya alendo ambiri, ndiye mukaona mtengo wopita ukusiyana ndi wobwerera musadabwe. Chikwama chachikulu amalipiritsa pachokha. Chisiyeni kumene mwagona.

Chachitatu: kamba ndi za m'chikwama

Gulani chakudya ku Naples musanakwere. Buledi, tchizi cha mozzarella, tomato, zipatso, zonsezi m'sitolo wamba za mumzindawu n'zotsika mtengo kwambiri kuyerekeza ndi pachilumba. Mukaiwala, sikuti mwagwa nayo: pachilumbachi pali matauni awiri, Capri ndi Anacapri, ndipo ku Anacapri ndi m'tinjira ta kumbuyo kwa tauni ya Capri muli timasitolo ta zakudya tomwe eni dziko amatitcha salumeria, ndipo amakukonzerani pomwepo buledi woikamo tomato, mozzarella ndi masamba a basil. Ndi chakudya chomwe chija chotchedwa caprese chimene ena akudya pa mbale yoyera pamtengo wowirikiza kangapo.

Tengani botolo la madzi lodzazanso, lalikulu ndithu. Kuyambira mu 2019 boma la tauni ya Capri linaletsa ziwiya zapulasitiki zogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya, choncho mbale, makapu ndi mafoloko apulasitiki musatenge. Valani nsapato zogwira bwino pansi, chifukwa tsiku lonse ndi la masitepe ndi zitunda. Onjezerani chipewa, mafuta oteteza kudzuwa, chovala chosambira, kathaulo kakang'ono ndi ndalama zachitsulo zolipirira zimbudzi ndi basi.

Chachinayi: mukatsika pa Marina Grande, musatsate khamu

Maboti onse amaima pa Marina Grande. Mukangoponda pamtunda mudzakumana ndi anthu oitanira maulendo a boti ozungulira chilumba, komanso matakisi aatali opanda denga omwe ndi okongola kuwaona koma odula kuwakwera. Athokozeni mwaulemu n'kupitirira.

Pafupifupi aliyense amalunjika ku kasitima kokokedwa ndi chingwe, funicolare, komwe kakhala kakukwera phirili kuyambira mu 1907 ndipo kamafika pakati pa tauni ya Capri m'mphindi zochepa. Inu chitani zosiyana: yambirani ku Anacapri, tauni yachiwiri yomwe ili pamwamba kwambiri, ndipo tauni ya Capri muisiyire masana. Mukatero tsiku lonse mudzakhala mukusemphana ndi khamu m'malo mopanikizana nalo.

Matikiti a basi ndi a kasitimako amagulitsa pa kaofesi komwe kali padoko pomwepo, ndipo ulendo umodzi ndi pakati pa ma euro 2 ndi 3. Pali basi yochoka pa Marina Grande kulunjika ku Anacapri, ngakhale siibwera pafupipafupi. Mabasi a kuno ndi aang'onoang'ono chifukwa msewu ndi wopapatiza, ndipo amadzaza msanga. Mukapeza malo, khalani kudzanja lamanja pokwera: pali pena pomwe msewu umamatirira kuthanthwe, ndipo mukasuzumira pawindo mumaona doko lili pansi penipeni, maboti akuoneka tating'ono.

Amene ali ndi mphamvu m'miyendo ali ndi njira yaulere, Scala Fenicia. Awa ndi masitepe 921 osemedwa m'thanthwe kalekale, ndipo kufikira m'zaka za m'ma 1870, pomwe msewu unamangidwa, iyi ndiyo inali njira yokhayo ya pamtunda yofikira ku Anacapri. Amayi a kumeneko ankakwera masitepe amenewa atasenza katundu wochokera kudoko. Masitepewa amayambira chakumtunda kwa Marina Grande, kufupi ndi tchalitchi cha San Costanzo, n'kukathera pafupi ndi nyumba yotchuka ya Villa San Michele. Ndi okwera molimba, ena ndi aatali, ndipo dzuwa likakwera amasautsa. M'mawa kukadali kozizira n'zotheka; masana ayi. Ngati mukufunanso kukwera phiri la Monte Solaro wapansi tsiku lomwelo, sungani mawondo anu, kwerani basi.

Chachisanu: Anacapri ndi Monte Solaro

Anacapri ndi yabata, nyumba zake n'zoyera, ndipo zinthu n'zotsikirako mtengo. Ngati mukufuna khofi, imwerani kuno, ndipo mumwe mutaimirira pa kauntala monga amachitira eni dziko. Ku Italy mtengo wa khofi womwera pa kauntala ndi wa patebulo umasiyana, ndipo m'malo a alendo kusiyanako n'kwakukulu.

Monte Solaro ndilo phiri lalitali pachilumbachi, mamita 589. Pa bwalo la Piazza Vittoria pamanyamuka mipando yolendewera pa chingwe, munthu mmodzi pa mpando, yomwe imakufikitsani pamwamba m'mphindi pafupifupi 13, miyendo ili lendelende pamwamba pa minda ya anthu. Tikiti yopita ndi kubwera imaposa ma euro 10, ndipo ya ulendo umodzi siitsika kwenikweni. Njira ya pansi ndi yaulere ndipo imatenga pafupifupi ola. Imayambira pafupi ndi msewu wopita ku Villa San Michele ndipo pali zikwangwani. Potsika patukirani ku Cetrella, kachigwa komwe kuli katchalitchi kakale ka Santa Maria a Cetrella, kamene kanamangidwa m'mphepete mwa phompho. Okwera mipando ambiri safikako, ndipo ndi malo abwino otsegulirapo kamba wanu.

Pamwamba pa phirili, kukakhala kopanda nkhungu, mumaona gombe lonse la Naples, Vesuvius, chilumba cha Ischia, mapiri a ku Sorrento, ndi matanthwe a Faraglioni ali pansi panu m'madzi obiriwira. Kwa ine apa ndiye pachimake pa ulendo wonse, ndipo amene wakwera pansi salipira kalikonse.

Mukatsika, ku Anacapri kuli zinthu ziwiri zolipira zoyenera kuziganizira. Tchalitchi cha San Michele chili ndi pansi pamatailosi ojambulidwa ndi manja mu 1761, osonyeza Adamu ndi Hava akuthamangitsidwa m'munda wa Edeni, atazunguliridwa ndi nyama zamitundumitundu. Mumayenda pa matabwa m'mbali kuti musaponde, kenako mumakwera kamasitepe kozungulira kuti muone chithunzi chonse muli pamwamba. Polowa ndi ndalama zochepa. Villa San Michele, nyumba yomwe anamanga dokotala wa ku Sweden, Axel Munthe, ili ndi munda wokongola koma ndi yodulirapo. Thumba likakana, ingoyendani kanjira kodutsa pambali pake mpaka kumapeto, pomwe pali malo oonera doko kwaulere.

Chachisanu ndi chimodzi: Grotta Azzurra, mulowe kapena ayi?

Apa ganizani mofatsa, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amatayira theka la tsiku. Grotta Azzurra ndi phanga la m'nyanja lomwe madzi ake amawala mtundu wabuluu wodabwitsa. Chimachititsa ndi kuwala kwa dzuwa komwe kumalowera pa bowo lina lalikulu lomwe lili pansi pa madzi, kunsi kwa khomo. Madziwo amasefa kuwala kofiira n'kutsala kwabuluu, ndipo kumaoneka ngati kukuchokera pansi. Aroma ankalidziwa phangali, ndipo linatchukanso kuyambira mu 1826 pamene mlembi wa ku Germany, August Kopisch, analowamo n'kulengeza za ilo.

Khomo lake ndi lalifupi, pafupifupi mita imodzi kuchoka pamadzi. Mumalowa pa kabwato kopalasa, anthu osaposa anayi, ndipo pofika pakhomo wopalasa amakuuzani kuti mugone chagada, iye n'kugwira tcheni chomwe chinamangidwa kuthanthwe, kudikira funde litsike, n'kukoka bwatolo kamodzi n'kamodzi. M'katimo mumakhala mphindi zisanu zokha kapena kuposerapo pang'ono. Mtengo wake ndi pafupifupi ma euro 18 munthu mmodzi, opalasa amayembekezeranso kangachepe, ndipo m'nyengo ya alendo mzere ungathe kupitirira ola.

Mukasankha kulowa, musapite pa boti lochokera ku Marina Grande, chifukwa mudzalipira botilo padera kenako phangalo paderanso. Kwerani basi yochoka ku Anacapri yomwe imakatsitsa pamwamba pa phangalo, n'kutsika masitepe kukafola mzere wa pamtunda. Musanakwere funsani ngati latsegulidwa, poti mafunde akangokwera pang'ono salowetsa munthu. Kuwala kumakhala kwamphamvu masana, dzuwa lili paliwombo.

Maganizo anga ndi akuti pa tsiku limodzi, ndi ndalama zowerengeka, sankhani chinthu chimodzi chokha chodula: mipando ya Monte Solaro, phangali, kapena boti lozungulira chilumba. Pa zitatuzi, phangali ndilo limadya nthawi yambiri pa mphindi zochepa. Koma ngati ndilo linakukokani kubwera ku Capri, lowani ndi mtima umodzi, ndipo phiri mulikwere pansi.

Chachisanu ndi chiwiri: tauni ya Capri masana

Basi yochoka ku Anacapri imakutsitsani pafupi ndi Piazza Umberto I, bwalo laling'ono lomwe aliyense amangolitcha Piazzetta. Lioneni, onani nsanja ya wotchi, imani pakhonde loyang'ana kudoko, koma musakhale pa mipando ya m'bwalomo. Chakumwa chimodzi pamenepo chingadye ndalama ya chakudya chanu cha tsiku lonse. Ndipo kulikonse kumene mungakhale pansi kuti mudye, werengani kaye mitengo yomwe amaika pakhomo, muyang'anenso mawu akuti coperto, ndalama yomwe amawonjezera pa munthu aliyense chifukwa chokhala patebulo.

Kuchoka apo yendani mphindi 10 kapena 15 kupita ku Giardini di Augusto, minda yamaluwa yomwe polowa ndi ndalama zochepa kwambiri. Mbali ina mumaona Faraglioni, mbali ina mumaona Via Krupp, kanjira kokhotakhota kotsika thanthwe komwe anamangitsa Friedrich Alfred Krupp, mwini mafakitale azitsulo wa ku Germany, pakati pa 1900 ndi 1902. Kanjiraka kamatsekedwa kawirikawiri chifukwa cha miyala yogumuka. Mukakapeza kotsegula, tsikani nako mpaka ku gombe la Marina Piccola.

Nthawi ikalola, pali maulendo awiri apansi, ndipo musankhe umodzi. Woyamba ndi wa Pizzolungo, waulere, wotenga ola ndi theka kapena maola awiri. Muyambire ku Arco Naturale, thanthwe lalikulu lobooka pakati, kuti masitepe ambirimbiri omwe ali pamenepo muwatsike m'malo mowakwera. Njirayo imadutsa pa phanga la Matermania, imakuonetsani nyumba yofiira ya Casa Malaparte ili yokhayokha pa thanthwe la m'nyanja, n'kukathera ku Punta Tragara, pomwe Faraglioni ali pafupi kwambiri. Matanthwe atatuwa amatalika pafupifupi mamita 100. Lapakati lili ndi bowo lomwe maboti amadutsamo, ndipo pa lakunja pamakhala abuluzi abuluu. M'njira yonseyi mthunzi wa mitengo ulipo, koma pogula madzi m'posowa.

Wachiwiri ndi wa ku Villa Jovis, mphindi pafupifupi 45 chokwera kuchoka pa Piazzetta, kudutsa m'tinjira ta pakati pa nyumba ndi minda ya mandimu komwe galimoto siifika. Mfumu ya Aroma, Tiberius, inasamukira pa Capri m'chaka cha 27 AD (Yesu atabadwa) ndipo inalamulira ufumu wonse ili pachilumbachi mpaka imfa yake m'chaka cha 37. Villa Jovis inali yaikulu mwa nyumba zake kumeneko. Zatsala ndi zipupa, ndipo chimene chimagwira mtima ndi zitsime zikuluzikulu zosungira madzi amvula zomwe zili pakati pa nyumbayo, chifukwa chilumbachi chilibe mitsinje. Polowa amalipiritsa ma euro ochepa, ndipo masiku ndi maola otsegulira amasintha ndi nyengo, choncho funsani pa ofesi ya alendo ya pa Piazzetta musanayambe kukwera.

Chachisanu ndi chitatu: kusambira

Malo ambiri a m'mbali mwa nyanja ndi a makalabu olipiritsa mpando ndi ambulera, koma malo aulere alipo. Fufuzani chikwangwani cholembedwa kuti spiaggia libera. Ku Marina Piccola kuli timalo totere, ndipo gombe laulere lalikulu lili pa Marina Grande, pafupi ndi pogulitsira matikiti. Ndi la timiyala, osati mchenga, ndiye mapazi amamva. Kusambira pa Marina Grande kumapeto kwa tsiku kuli ndi ubwino woti boti lanu muli nalo pafupi. Wina atsale ndi chikwama pamtunda. Ngati muli nokha, tikiti, foni ndi ndalama muziike m'kathumba kosalowa madzi.

Chomaliza: kubwerera

Kuyambira cha m'ma 4 koloko madzulo, onse amene anafika m'mawa amafuna kutsika nthawi imodzi, ndipo mzere wa funicolare umatalika. Musaudikire. Kuchoka pafupi ndi Piazzetta pali njira ya masitepe yotsikira kudoko, yokhala ndi zikwangwani zolembedwa kuti Porto, ndipo imatenga mphindi 15 mpaka 20. Fikani padoko kutatsala theka la ola, chifukwa malo oimapo maboti ndi angapo, ena ali kumapeto kwenikweni kwa doko, ndipo muyenera kuona pa bolodi kuti lanu laima pati. Tikiti ya kampani ina siigwira ntchito pa boti la kampani ina.

Musadalire boti lomaliza. Likadzaza kapena likaimitsidwa chifukwa cha mphepo, mudzakakamizika kufuna pogona pachilumba pomwe chipinda chotchipa n'chosowa, ndipo zonse zimene mwapulumutsa tsiku lonse zidzathera pomwepo. Sungitsani malo pa lachiwiri kapena lachitatu kuchokera kumapeto. Mukaona masana kuti mphepo yayamba kulimba, pitani pogulitsira matikiti mukafunse, ndipo ngati n'kotheka sinthirani ku sitima yaikulu ija, yomwe imapirira mafunde kuposa maboti othamanga.

Powerengera ndalama usiku woti mawa ndi ulendo, lembani motere: boti kupita ndi kubwera, maulendo atatu a basi, chakudya chogula ku Naples, khofi mmodzi, Giardini di Augusto, ndi chinthu chimodzi chodula chimene mwasankha. Zonse pamodzi zimafika pakati pa ma euro 70 ndi 90 munthu mmodzi, ndipo pafupifupi theka lake ndi la boti. Mitengo imasintha chaka ndi chaka, choncho itsimikizeni pa intaneti, ndipo m'thumba lina mubisemo ma euro 30 apadera oti mugulire tikiti ya boti lina ngati lanu litakusiyani.